Ying Chang Compestine ndi mabuku a ana onunkhira zophika za ku China

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale. M'katoni ya mabuku amene sukulu yathu inalandira munali buku la zithunzi la Ying Chang Compestine, lonena za chiwaya chothawathawa, ndipo kumapeto kwake analembako kaphikidwe ka mpunga. Ana analikonda kwambiri. Ndamva kuti mayiyu walemba mabuku ambiri a mtundu umenewu. Kodi ndi ndani, ndipo zimatheka bwanji kuti munthu adye moyo polembera ana za chakudya cha kwawo? Nanenso ndimalakalaka kulemba, koma ndimaopa kuti nkhani za chakudya n'zachibwana.

Yankho: Aphunzitsi, buku limene ana anu alikondalo ndi *The Runaway Wok*, lomwe linatuluka mu 2011. Ndiyambe ndi mantha anuwo chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Chakudya chimachepsa buku ngati mlembi wachiikamo kuti chingokongoletsa, kuti owerenga adabwe kuti kwinakwake anthu amadya zachilendo. Mabuku a Compestine amene ali ndi mphamvu sanalembedwe motero. Mumakhala munthu wanjala, chakudya chimakhala chochepa, ndipo wina amayenera kusankha kuti adye ndani. Mwana aliyense amaimva nkhani yotero ngakhale asanaonepo mbale ya ku China.

Mayiyu anabadwa mu 1963 ku Wuhan, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Hubei, m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze. Apa n'kuti patangopita zaka ziwiri chithere njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961, yomwe inapha anthu mamiliyoni ambiri m'dzikomo. Mayiyu ali ndi zaka zitatu, mtsogoleri wa dzikolo Mao Zedong anayambitsa chipwirikiti chotchedwa Cultural Revolution, chomwe chinatha mu 1976, iye ali ndi zaka 13. Ubwana wake wonse unathera m'nyengo imeneyo. Bambo ake anali dokotala wochita maopaleshoni, ndipo masiku amenewo anthu ophunzira, makamaka odziwa Chingerezi, ankaganiziridwa kuti ndi adani a chipani cholamula cha Chikomyunizimu. Achinyamata a gulu la Red Guards analanda katundu wa banjalo ndipo bambowo anatsekeredwa m'ndende. Chakudya m'mizinda chinkagulidwa ndi makuponi. Boma linayamba kupereka makuponi a mpunga ndi ufa mu 1955 ndipo linawathetsa mu 1993. Nyama, mafuta ophikira ndi shuga nazonso zinali za muyezo. Munthu wokula choncho akamalemba za dzira limodzi, amadziwa mtengo wake weniweni.

Anaphunzira Chingerezi pa Central China Normal University ku Wuhan komweko, kenako m'zaka za m'ma 1980 anapita ku America kukachita digiri yachiwiri ya za chikhalidwe cha anthu pa University of Colorado ku Boulder. Mabuku ake onse amalemba m'Chingerezi, chinenero chimene sanayamwire. Ndipo sanayambe ndi ana. Buku lake loyamba, la mu 1997, linali la kaphikidwe ka zakudya za ku China zopanda mafuta ambiri, lolembera akuluakulu. Analembera magazini a zophika, mpaka anakhalapo mkonzi wa nkhani za chakudya pa magazini ina ya kampani ya Martha Stewart, mayi wa ku America wotchuka pa nkhani za zophika ndi zapakhomo. Mfundo imeneyi musaidumphe. Wolemba kaphikidwe amaphunzira mwambo wina wovuta: chilichonse chibwere pa nthawi yake, pasakhale mawu owonjezera, ndipo wowerenga akatsatira zolembedwazo chinthu chituluke. Buku la zithunzi limafuna mwambo womwewo, chifukwa malo a mawu amakhala ochepa kwambiri.

Buku lake loyamba la ana linali *The Runaway Rice Cake*, la mu 2001, ndipo kwa ine ndi limene limaonetsa bwino mtima wa ntchito yake. Ndi usiku wolowera Chaka Chatsopano cha ku China, tsiku limene banja lililonse limayenera kudya mokhuta. Banja la a Chang lili ndi ana aamuna atatu, koma ufa wa mpunga watsala wongokwanira keke imodzi yotchedwa nian gao, yomata, yophikidwa ndi nthunzi. Kekeyo itangopsa inadumpha n'kuyamba kuthawa. Banja lonse linaithamangitsa m'mudzi monse mpaka inakagunda agogo ena okalamba amene anali asanadye kwa masiku. Apa ndi pamene nkhani imasiya kukhala yoseketsa chabe. Banjalo linapatsa agogowo kekeyo, ndipo iwo anaidya yonse osasiyako. Anawo anabwerera kunyumba m'mimba muli pululu. Inde, pamapeto pamabwera mphotho: anthu oyandikana nawo anabweretsa tizakudya tawo tochepa ndipo tinachuluka modabwitsa. Koma mlembiyu analola kaye kuti anawo ataye zonse. Olembera ana ambiri amachita mantha pamenepo, amafulumira kugawa kekeyo pakati kuti aliyense asangalale. Iye sanatero, ndipo n'chifukwa chake kupatsako kumalemera.

Buku lanu la chiwaya linamangidwa pa msana womwewo. Mnyamata Ming wa ku Beijing atumidwa kumsika kukasinthanitsa mazira otsiriza a banja lawo ndi mpunga, koma abwerako ndi chiwaya chakale chadzimbiri chotchedwa wok. Chiwayacho chimayimba, chimathawira kunyumba ya banja lolemera ndi louma manja la a Li, n'kubwerako ndi chakudya, zoseweretsa ndi ndalama, zomwe banja la Ming limagawira osauka anzawo. Nthanoyi gwero lake si China ayi. Ndi nthano yakale ya ku Denmark ya mphika wolankhula, yomwe iye anaisamutsira ku Beijing n'kuiveka miyambo ya Chaka Chatsopano. Ndikukupemphani kuti mukaliwerenganso ndi ana muwafunse ngati chiwayacho chinaba kapena ayi. Bukulo silifunsa funso limeneli mokwanira, ndipo pamenepo ndimaona kuti linapeputsa zinthu. Koma kalasi ya Sitandade 4 ikhoza kukangana pa funsoli mpaka belu kulira, ndipo phunziro lotero ndi labwino kuposa kuloweza mayina a zakudya.

Pakati pa 2001 ndi 2003 anatulutsa mabuku anayi a anyamata atatu apachibale a banja la a Kang, omwe mwa kupulupudza kwawo amatulukira timitengo todyera, noodles, kaiti ndi pepala. Zithunzi zake anazipanga YongSheng Xuan motsanzira luso lakale la ku China lodula mapepala. M'buku la timitengo, wamng'ono pa onse amatsala ndi njala nthawi zonse chifukwa podikira kuti chakudya chizizire akulu ake amakhala atamaliza, ndiye atola timitengo tiwiri kuti azitolera zotentha. Njala ija yabweranso. Chenjezo langa pa mabuku anayiwa ndi lakuti nkhanizo n'zopeka. Kunalibe anyamata a Kang amene anatulukira pepala. Mbiri ya ku China imatchula Cai Lun, nduna ya kunyumba ya mfumu, kuti ndiye anakonza njira yopangira pepala cha m'ma 105 AD. Mlembiyu amaika mawu ofotokoza mbiri kumapeto kwa mabuku ake, koma mwana sawerenga yekha tsamba limenelo. Mphunzitsi akalidumpha, mwana amachoka atanyamula nthano akuyesa mbiri.

Zikanathera pamenepa, bwenzi tikumutchula kuti ndi mlembi wabwino wa mabuku a zikondwerero basi. Chimene chinasintha mbiri yake ndi buku la nkhani yaitali la mu 2007, *Revolution Is Not a Dinner Party*, lolembera ana okulirapo. Mutu wake anautenga ku mawu amene Mao analemba mu 1927, onena kuti kusintha dziko mwa nkhondo si phwando la chakudya. Nkhaniyi imayamba mu 1972 ku Wuhan. Mtsikana wotchedwa Ling ali ndi zaka 9, makolo ake onse ndi madokotala, ndipo bambo ake amamuphunzitsa Chingerezi mobisa ndi kumvera wailesi ya Voice of America mwakachetechete. Kenako mkulu wa ndale wa chipani, Comrade Li, apatsidwa chipinda m'nyumba mwawo momwemo. Amawapempha zakudya zimene banjalo silingayerekeze kumukaniza. Anthu oyandikana nawo ayamba kutengedwa mmodzimmodzi, bambo a Ling amangidwa, ndipo kamtsikana kamene kankasankha zakudya kasanduka kopita kumsika ndi makuponi kukalimbirana kachidutswa ka nyama. Zambiri mwa izi anazitenga pa moyo wake, ngakhale bukulo ndi lopeka. Linapata mphotho ya California Book Award ndipo limawerengedwa m'sukulu za ku America.

Taonani mmene chakudya chikugwirira ntchito mmenemo. Mwana wa zaka 11 sangamvetse mkangano wa akuluakulu a chipani ku Beijing, ngakhale mutamufotokozera za Jiang Qing, mkazi wa Mao, ndi anzake atatu amene anamangidwa Mao atamwalira mu 1976. Koma amamvetsa kuti kale patebulo pankakhala nyama, tsopano palibe. Amamvetsa kuti mlendo amene akudya mazira a banjalo ndi yemweyo amene angawapereke. Mbale ikamachepa tsamba ndi tsamba, mwanayo amayeza yekha kukula kwa mantha m'nyumbamo, popanda mlembi kumulalikira. Luso limeneli ndi limene ndimafuna olemba athu alione, chifukwa nafenso tili ndi zaka zimene ana sauzidwa bwino, ndipo tikafuna kuwauza timangowapatsa madeti ndi mayina a atsogoleri.

Mu 2009 anatulutsa mabuku awiri a mizukwa. Ku China, m'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala yotsatira mwezi, anthu amasiyira chakudya panja mizimu ya anthu amene anafa ndi njala kapena mopanda chilungamo. Mu *Boy Dumplings*, mzukwa wagwira kamnyamata konenepa kuti ukadye, ndipo kamnyamatako kaupatsa kaphikidwe kovuta dala, kofuna zinthu zambirimbiri, mpaka kunja kukucha mzukwawo usanamalize. Zimene ankati apangezo ndi jiaozi, tinthu ta ufa wa tirigu tokulungamo nyama ndi kabichi, tofananako ndi samusa koma towiritsa kapena kuphika ndi nthunzi. Linalo, *A Banquet for Hungry Ghosts*, lili ndi nkhani 8 zosanjidwa ngati mbale za phwando, kuyambira zotsegulira m'mimba mpaka zotsekemera, ndipo iliyonse ili ndi kaphikidwe ndi mawu a mbiri. Limeneli ndi la achinyamata a kusekondale. Muli kuphana ndi kubwezera, ndipo silili loyenera kalasi yanu.

Wuhan anabwereranso m'ntchito yake mu 2022 ndi *Morning Sun in Wuhan*. Mzindawo unatsekedwa pa 23 January 2020 chifukwa cha Covid-19 ndipo unatsegulidwa pa 8 April, patatha masiku 76. Mei, mtsikana wa zaka 13 wokonda kuphika, bambo ake ndi dokotala amene sakubweranso kunyumba chifukwa cha odwala, ndipo iye athandiza kuphikira ndi kufikitsa chakudya kwa anthu otsekeredwa m'nyumba. Pa nthawi imene dzina la Wuhan linkatchulidwa pa dziko lonse ngati dzina la matenda, mlembiyu analembera ana za anthu ake a mumzindamo ndi zimene amadya. Mu 2024 anatulutsanso buku la zithunzi lofotokoza ubwana wake weniweni, *Growing Up Under a Red Flag*. Pakati apo pali ena ambiri, kuphatikizapo limene analemba ndi mwana wake Vinson mu 2014, lonena za ziboliboli zakale zadothi za asilikali za ku mzinda wa Xi'an.

Tsopano funso lanu la ndalama, lomwe n'lofunika ndipo silichititsa manyazi. Buku la zithunzi ku America nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32, chifukwa cha mmene mapepala aakulu amapindidwira posindikiza, ndipo mawu ake kawirikawiri safika 1,000. Mlembi amene sajambula yekha, ngati Compestine, sasankha wojambula. Kampani yosindikiza ndi imene imasankha, n'chifukwa chake zithunzi za mabuku ake zimasiyana kwambiri: chiwaya chanucho anajambula Sebastià Serra wa ku Spain, pamene keke ija anajambula Tungwai Chau. Mlembi amalandira ndalama yoyamba akasayina mgwirizano, ndipo sapezanso ina mpaka malonda a bukulo atabweza ndalama imeneyo. Gawo la olemba limazungulira pa 10 peresenti ya mtengo wa buku, ndipo pa buku la zithunzi amagawana pakati ndi wojambula. Kuchokera tsiku limene kampani yavomera nkhani kufika tsiku limene buku lafika m'sitolo pamatha zaka ziwiri kapena kuposa. Mukawerengetsa muona kuti buku limodzi silidyetsa munthu. Chimene chamusunga mayiyu kwa zaka zoposa 25 ndi kuphatikiza: mabuku a kaphikidwe, nkhani za m'magazini, mabuku a ana a misinkhu yosiyana, ndi kuyendera sukulu kukalankhula ndi ophunzira, komwe ku America sukulu zimalipira.

Chakudya chinamuthandizanso pa msika m'njira imene anthu saiganizira. Chaka Chatsopano cha ku China chimabwera chaka chilichonse pakati pa 21 January ndi 20 February, ndipo aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale amafunafuna buku loti awerengere ana sabata imeneyo. Buku lokhala ndi nthano, mawu ofotokoza mwambo ndi kaphikidwe limapatsa mphunzitsi phunziro lathunthu. Motero buku la mu 2001 limatsitsidwanso pa shelefu chaka ndi chaka, pamene mabuku ena a chaka chomwecho anaiwalika kalekale.

Mwayi womwewo uli ndi msampha wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Msika wa ku America umakonda kuona anthu a mitundu ina kudzera m'zakudya, zovala ndi zikondwerero, n'kuthera pomwepo. Mlembi wochokera ku China akhoza kupezeka kuti akufunidwa mwezi umodzi pa chaka, ndipo mwana wowerenga akhoza kukula akuganiza kuti dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni ndi nyali zofiira ndi gule wa chinjoka basi. Mabuku ena a Compestine, monga la afabeti la mu 2006 lonena za Chaka Chatsopano, amayandikira msampha umenewu. Chimene chimamupulumutsa ndi chakuti sanakhazikike pa phwando. Anatenga owerenga amene anawakopa ndi keke yothawa n'kupita nawo ku mzere wa makuponi ndi ku khomo la ndende. Dziwaninso kuti China wa m'mabuku ake ndi wa munthu amene anachokako kalekale ndipo akulembera ana a dziko lina. Ndi China weniweni, koma ndi wa munthu mmodzi.

Kuti muone kuti njira si imodzi, yerekezani ndi Grace Lin. Iyeyu anabadwira ku America mu 1974, makolo ake anachokera ku Taiwan, ndipo amajambula yekha mabuku ake. Buku lake loyamba, *The Ugly Vegetables* la mu 1999, limanena za mtsikana amene akuchita manyazi kuti dimba la mayi ake lili ndi ndiwo zamasamba za ku China pamene anzawo onse anabzala maluwa, mpaka tsiku limene fungo la msuzi linakokera anthu onse pakhomo pawo. Lin salemba za njala ya m'mimba. Amalemba za mwana amene akuona kuti ndi wosiyana ndi anzake. Pa mphotho za mabuku a ana za ku America analandira ulemu wa Newbery Honor mu 2010 ndi wa Caldecott Honor mu 2019, wachiwiriwu pa buku la kamtsikana kamene kamabenthula keke ya mwezi pang'onopang'ono usiku uliwonse, pofotokoza kuchepa kwa mwezi kumwamba. Olemba awiriwa amagwiritsa ntchito zakudya zofanana, koma bala limene aliyense akulemba ndi lake. Ndi balalo limene limapangitsa kuti buku likhale la munthu, osati chakudyacho.

Pa kulemba kwanu, musayambe ndi mndandanda wa zakudya zakwathu kapena ndi cholinga chophunzitsa ana chikhalidwe. Yambani ndi mwana mmodzi ndi chinthu chimodzi chodyedwa chimene akuchifuna, kenako pezani chimene chikumuletsa. Ana amene mumawaphunzitsa amadziwa mmene February amakhalira nkhokwe zikatha, amadziwa kubwera kwa mlendo pamene ndiwo zili zochepa, amadziwa amene amapatsidwa chiwalo chiti cha nkhuku ndi chifukwa chake. Zimenezi si zachibwana. Lembani mawu ochepa, muwagawe m'masamba 14 oyang'anizana, ndipo pa tsamba lililonse pachitike chinthu chimene wojambula angachione. Mukafuna kuikapo kaphikidwe kumapeto, kaphikeni kaye motsatira zimene mwalembazo, osati zimene manja anu akudziwa kale, chifukwa wowerenga adzakhala ndi pepala lokha. Mukapeka chiyambi cha mwambo kapena cha chakudya, nenani poyera kuti mwapeka. Ndipo kalasi yanu ndi mwayi umene olemba ambiri alibe: awerengereni mokweza, osawauza kuti mwalemba ndinu, n'kuona pamene ayamba kuyang'ana pawindo.

Msika wathu ndi wosiyana ndi wa ku America, ndipo ndalama zambiri za osindikiza kuno zili m'mabuku a silabasi, choncho musasiye choko poyembekezera buku loyamba. Mukafuna kuti nkhani ifike kwa ana msanga, African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, imalola anthu kuika nkhani za ana pa intaneti m'zinenero za mu Africa, Chichewa chomwe, koma kumeneko nkhani zimawerengedwa ulere ndipo simulandira ndalama. Mukapita kwa osindikiza, werengani mgwirizano wonse musanasayine, makamaka pamene akunena za mwini wa nkhaniyo ndi gawo lanu pa malonda, ndipo kalembetseni ntchito yanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso.